Sitovu ikayamba kulira titi titi n'kulemba F10 kapena F1, musathamangire kugula bolodi

Masitovu amakonowa, aja oti uvuni wake mulibe nobu yopotokola koma kasikirini ka wotchi ndi timabatani tongogwira ndi chala, ali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Mwaika keke kaya nkhuku mu uvuni, patangopita mphindi zingapo mukungomva titi titi titi osasiya, mukayang'ana pa sikirini palembedwa F10 kaya F1 kaya F3 E0, uvuni wazima, mukadina Cancel imakhala chete pang'ono kenako yayambiranso. Ndiye munthu woyamba amene mungamufunse, olo sitovuyo asanaione n'komwe, yankho lake limakhala limodzi, bolodi yapsa imeneyo gulani ina. Ine apa ndiye ndimakana. Bolodi, kachipangizo koyendetsa uvuni komwe kali kuseri kwa sikirini, ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri mu sitovu yonse, kuipeza n'kovuta, ogulitsa ambiri salola kubweza mukangoilumikiza, ndipo kawirikawiri iyoyo sikhala ndi mlandu, imangokhala ikunena zomwe yaona.

Kwathu kuno masitovu ambiri ndi a manobu, ngati ma Defy aja odzaza m'makhitchini, amene mulibe bolodi ndipo salemba khodi ina iliyonse ngati F10 ija, akafa amangofa mwakachetechete. Nkhani ino ndi ya enawa, omwe amabwera ndi abale ochokera ku Joni, ku UK kapena ku America, ndi omwe mumawapeza m'malodge ndi m'nyumba zatsopano. Makhodi oyamba ndi F omwe nditchule kwambiri ndi a masitovu a ku America, koma kaganizidwe kake kofufuzira vuto n'kamodzi paliponse.

Bolodiyo ili kuseri kwa sikirini ija. Mukamasula chitsulo chakumtunda kumbuyo kwa sitovu mudzaiona, kabolodi kobiriwira kokhala m'kafelemu ka pulasitiki, mawaya ambirimbiri atalowapo. A Frigidaire amaitchula EOC, a GE amati ERC, amisiri ena amangoti wotchi chifukwa wotchi imakhala pomwepo, koma ntchito ndi imodzi. Mbali ina ya bolodi ndi yoganiza, pali kachipu kogwira ntchito ndi mavoti ochepa kwambiri, mbali inayo ndi ya mphamvu, pali timabokosi takuda totchedwa ma relay timene timalumikiza ndi kudula magetsi opita ku ma elementi a uvuni, zitsulo zija zimafiira n'kutulutsa kutentha. Chofunika kuchigwira bwino apa n'chakuti kachipuko sikaona mkati mwa uvuni. Sikadziwa kuti mwatentha kapena mwazizira. Kamangowerenga zobwera pa mawaya basi: ma ohm a sensa ya kutentha (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa), batani lomwe ladinidwa, kaswichi ka loko wa chitseko. Zikabwera zosamveka kamalemba khodi. Ndiye khodi imakuuzani njira yomwe muli vuto, osati chida chomwe chafa, ndipo pa njira imeneyo pali sensa, pali pulagi, pali waya wodutsa malo otentha, bolodi ili kumapeto kwenikweni. Kusintha bolodi musanayeze zinazi kuli ngati mlonda wakuuzani kuti kugeti kuli phokoso inu n'kuchotsa ntchito mlondayo.

Chinanso chomwe chimasocheretsa anthu ndi kungolemba F2 pa Google n'kukhulupirira yankho loyamba lomwe latuluka. Makhodiwa safanana. Pa masitovu ambiri a GE, F2 ndiye kuti uvuni watentha kupyola muyezo, F3 sensa yaduka, F4 sensa yachita shoti, F7 batani lakanirira. Pa ma modelo ambiri a Whirlpool ndi abale ake Maytag ndi KitchenAid, F2 yomweyo ikunena za mabatani, nkhani ya sensa ili pa F3, loko wa chitseko ali pa F5, ndipo F1 ndiye bolodi yeniyeniyo. Frigidaire ndi Electrolux ali ndi zawo, F10 kutentha kokwera kosaima, F11 mabatani achita shoti, F30 sensa yaduka, F31 yachita shoti, F90 loko. Samsung imakonda kulemba SE pa nkhani ya mabatani, ena amawerenga kuti 5E chifukwa cha kalembedwe ka pa sikirini. Ndipo olo m'kampani imodzi yomweyo modelo yakale ndi yatsopano zimasiyana, ma Frigidaire akale ankangolemba F1 pa mavuto angapo omwe atsopano anawagawa kukhala F10, F11 ndi F13. Choncho pezani kaye nambala ya modelo, imakhala pa kapepala komatidwa pa felemu mukatsegula chitseko cha uvuni kapena mukakoka dilowa yapansi ija mumasungamo mapoto. Masitovu ambiri a ku America amakhalanso ndi pepala la amisiri lopindidwa m'kajumbo, lomatidwa kumbuyo kapena kuseri kwa dilowa, pamenepo pali makhodi onse a modelo yanuyo komanso chithunzi cha mawaya. Pepala limenelo likuposa malangizo a aliyense, kuphatikizapo angawa.

Zolembedwa zina si mavuto n'komwe. PF pa Whirlpool ikungotanthauza kuti magetsi anazima, mumadina Cancel n'kukonza wotchi basi, ndipo ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno PF mudzazolowerana nayo. LOC ndiye kuti mabatani akiyidwa, mwina mwana anagwira batani la loko kwa masekondi atatu, inunso mugwire chimodzimodzi atseguke. SAb ndi Sabbath mode, yopangidwira Ayuda osunga Sabata, sitovu imasiya kulira ndipo mabatani ambiri sayankha, munthu n'kuganiza kuti yafa pomwe ili bwinobwino.

Musanagwire sikuludiraiva, yang'anitsitsani kuti khodi ikubwera nthawi yanji, chifukwa zimenezi zokha zimadula theka la ntchito. Zimitsani pa swichi yofiira ya pakhoma ija kapena pa buleka ku bokosi la magetsi, dikirani mphindi zisanu, yatsaninso. Nthawi zina kachipu kamangosokonezeka magetsi akaphethira ndipo zimathera pomwepo. Ikabwerera, onani: kodi ikulemba pompo mukangoyatsa uvuni uli wozizira? Kapena mpaka uvuni utenthe kaye? Kapena imayamba mukamaphika nyemba pa puleti yakumbuyo nthunzi ikukwera pa sikirini? Yobwera pompo imaloza ku waya woduka, shoti, kapena bolodi. Yobwera kukatentha imaloza ku malo olumikizira omwe amasuka, chifukwa chitsulo chikatentha chimafutukuka, cholumikizira chomwe chinali chongogwira pang'ono n'kutayana. Yobwera ndi nthunzi ndi mabatani pafupifupi nthawi zonse.

Tsopano za moyo wanu, ndipo apa sindikuseka. Sitovu si wailesi. Imakoka magetsi ochuluka kuposa china chilichonse m'nyumba, n'chifukwa chake imakhala ndi waya wake wonenepa ndi buleka yakeyake. Kudina Off pa sikirini sikuchotsa magetsi mkatimo, amafikabe pa bolodi, ndipo pa masitovu ena a ku America mwendo umodzi wa magetsi, kutanthauza waya mmodzi mwa awiri amoyo, umakhala pa elementi nthawi zonse olo uvuni uli wozima. Ndiye gwetsani buleka, onetsetsani kuti sikirini yada, yezani ndi mita ya amisiri ija (multimeter) kuti mulibedi magetsi, muuzenso a m'nyumba kuti wina asakweze buleka inu manja ali mkati. Miyezo yonse yomwe ndinene pano ndi ya ma ohm, imachitika magetsi atazima. Ngati sitovu yanu ndi ya gasi koma ya bolodi, tsekaninso gasi pa silinda ndipo mapaipi ake musawakhudze. Mukaona kuti mtima sukukhazikika itanani elekitirishani, koma werenganibe kuti mudziwe zomufunsa.

Tiyambe ndi sensa chifukwa ndi yosavuta kuyeza komanso ndi yotsika mtengo. Tsegulani uvuni muyang'ane kukhoma lakumbuyo chakumtunda, muona kandodo kachitsulo kowonda ngati pensulo katatulukira mkati, komangidwa ndi masikuluwu awiri kapena imodzi. Mkati mwake muli kachidutswa ka platinamu komwe ma ohm ake amakwera kutentha kukamakwera, ndipo amakwera mwadongosolo moti bolodi ikawerenga ma ohm imadziwa madigiri. Pa masitovu ambiri a ku America sensa imapereka ma ohm 1000 pa 0°C, pafupifupi 1090 pa kutentha kwa m'nyumba kwa 24°C, pafupifupi 1650 pa 177°C pomwe ndi 350°F yophikira keke ija, ndi kupitirira pang'ono 2000 pa 288°C. Masitovu ena, makamaka a ku Ulaya, amaika sensa ya nambala zina, ndiye onani pepala lanu. Kuyeza kwake, uvuni uzizire kaye, masulani masikuluwu, kokani sensa pang'onopang'ono mpaka kapulagi kake katulukire pa bowo, kapena kafikireni chakumbuyo, chotsani pulagi, ikani mita pa ma ohm pa muyezo wa 2k, gwirani timapini tiwiri ta mbali ya sensa. Ikakupatsani 1080 kaya 1100 ili bwino. Ikalemba OL kapena 1 yekha kumanzere yaduka, ndiye F30 kapena F3 yanu ndi imeneyo. Ikapereka nambala yotsika kwambiri yachita shoti. Gwiraninso pini imodzi ndi thupi la sitovu, pamenepo mita isawerenge kanthu.

Kalangizo kakang'ono, pulagi ija mukaichotsa musaisiye mbali ya waya ibwerere m'bowo, imagwera kuseri kwa khoma la uvuni m'kati mwa thonje lotchinga kutentha lija ndipo mudzachita kukoka sitovu yonse kuti muipeze. Ipanikizeni ndi chopanira zovala.

Ambiri amaimira pamenepa, sensa ili bwino ndiye kuti ndi bolodi. Ayi, dikirani. Pakati pa sensa ndi bolodi pali waya, ndipo waya ameneyu amakhala moyo wovuta, amadutsa pafupi ndi khoma lotentha, amakhuzana ndi m'mphepete mwa malata akuthwa, ndipo ngati sitovu inakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito makoswe amakonda kumanga m'thonje lija n'kumatafuna mawaya. Bwezerani pulagi ya sensa, pitani ku bolodi, chotsani pulagi yomwe mawaya awiri a sensa akulowera, yezerani pamenepo. Nambala iyenera kufanana ndi yomwe munapeza pa sensa. Mukuyeza choncho gwedezani waya pang'ono, nambala ikamadumphadumpha mwalipeza vuto. Chifukwa chake izi zili zofunika ndi masamu osavuta: digiri imodzi ya Celsius ndi ma ohm osakwana 4, ndiye pulagi ya dzimbiri ikangowonjezera ma ohm 100 bolodi imaganiza kuti uvuni watentha madigiri oposa 25 kuposa mmene ulili. Zotsatira zake keke imatuluka yosapsa mkati inu n'kumadandaula ufa, ndipo cholumikiziracho chikamasuka kwambiri kukatentha ma ohm amalumpha, bolodi n'kuganiza kuti uvuni ukuyaka moto, ndi imeneyo F10 pa uvuni woti mutha kuikamo dzanja. Mukamakonza waya wa pamenepa musamange ndi tepi yakuda wamba kapena zolumikizira za pulasitiki, zimasungunuka, pamafunika waya wopirira moto ndi zolumikizira zadothi zija zoyera.

Koma pali F10 ina yoona, ndipo imeneyi ndi yoopsa. Pa GE ndi F2. Uvuni ukutenthadi osaima. Chimachitika n'chakuti relay ija mkati mwake muli timitu tiwiri tachitsulo timene timakhudzana kuti magetsi adutse, ndipo elementi ya mawati 2500 imakoka ma amp opitirira 10. Uvuni ukamasunga kutentha relay imatseka n'kutsegula mobwerezabwereza, mukatchera khutu mumamva kuti tha, tha, ndipo nthawi iliyonse ikatsegula pamathetheka kamoto. Zaka zikamapita timituto timadyeka, tsiku lina timangowotcherana n'kumatirira. Zikatero bolodi ikulamula kuti zima koma magetsi akupitabe, mukadina Cancel palibe chosintha chifukwa Cancel amalankhula ndi kachipu, ndipo kachipu kalibenso mphamvu pa relay yomatirira. Kulira kuja ndi bolodi ikukuwa kuti ndithandizeni. Mukaona elementi ili psuu sikirini ikunena kuti uvuni ndi wozima, musatsegule chitseko kuti muone bwino, thamangirani ku buleka, ndipo sitovu imeneyo isayatsidwenso usiku kapena popanda munthu mpaka itakonzedwa, olo mutati mungogwiritsa ntchito mapuleti apamwamba okha.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Zonse zitazizira kwezani buleka osadina kalikonse, imani pompo mphindi ziwiri zitatu, mukamva kutentha kukutuluka mu uvuni ndiye kuti magetsi akudutsa popanda chilolezo. Gwetsaninso buleka, pa bolodi chotsani mawaya a pa relay, yezani pakati pa pomwe palembedwa L1, polowera magetsi, ndi pomwe palembedwa BAKE, potulukira a elementi yapansi, kenako L1 ndi BROIL, potulukira a elementi yapamwamba. Payenera kukhala potseguka. Mita ikaonetsa kuti njira ndi yolumikizana ndiye relay yamatirira. Muyezenso elementi yomwe, ya mawati 2500 pa mavoti 240 imapereka ma ohm pafupifupi 23, ndipo pakati pa mwendo wake ndi thupi la sitovu pasadutse kanthu. Elementi yotupa, yong'aluka kapena ya chibowo chopserera imatha kuchita shoti n'kupha relay, ndiye mukaika bolodi yatsopano elementi yotereyi ikadali momwemo mwataya ndalama kawiri.

Za mabatani ndi zomwe zimakwiyitsa kwambiri chifukwa sitovu imatha kuyamba kulira pakati pa usiku popanda woikhudza. F11, F7, SE, ndi F2 ya Whirlpool zonse zikunena chimodzi, bolodi ikuona ngati batani lina ladinidwa osasiyidwa. Mabatani amenewa ndi timapepala tiwiri ta pulasitiki tokhala ndi tinjira ta magetsi tosindikizidwa, pakati pali kampata kochepa zedi, ndipo amalumikizidwa ku bolodi ndi kalamba kopyapyala kooneka ngati riboni. Nthunzi ya m'mapoto, mafuta okazingira, ndi sopo amene anthu amapopera mwachindunji pa sikirini popukuta, zonsezi zimalowa m'mphepete n'kukatseka kampata kaja. Kuyesa kwake, magetsi atazima tsegulani kachotsekera ka riboni modekha chifukwa kamathyoka msanga, isololeni, pukutani timizere take ndi spiriti, iume, ibwezereni mowongoka. Zikapitirira, zimitsaninso, chotsani riboni muisiye panja osakhudza chilichonse, bwezerani chitsulo chakumbuyo, kwezani buleka mudikire mphindi zingapo. Khodi ikapanda kubwera ndiye kuti mabatani ndi omwe afa, bolodi ili bwino. Ikabwerabe riboni itachotsedwa, apo kawirikawiri ndiye bolodi. Chokhumudwitsa n'chakuti pa ma modelo ena mabatani anawamatira limodzi ndi galasi lonse lakutsogolo, kapena ali pa bolodi pomwepo, ndiye mumagulabe chinthu chachikulu pa vuto la batani limodzi. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kupanga zinthu mosaganizira wogula, koma ndi mmene zilili.

Za loko wa chitseko sinditaya nthawi. F90 kapena F5 zimakonda kubwera munthu akagwiritsa ntchito self clean, pomwe uvuni umadzikiya n'kutentha mpaka cha m'ma 480°C kuti zonyansa zipse zikhale phulusa. Kamota ka loko kapena kaswichi kake kakakanirira khodi imabwera. Musakanule chitseko ndi mphamvu, dikirani uzizire, zimitsani n'kuyatsanso. Kutentha kumeneko kumazunzanso bolodi ndi mawaya, ndiye pa sitovu yokalamba ine ndingasankhe kupukuta ndi manja.

Tsono sensa ili bwino, waya ali bwino, mabatani mwawachotsa pa mlandu, kapena khodi yake ndi F1 ya Whirlpool kaya F13 ya Frigidaire zomwe zimanena za memore ya kachipu ndipo ikubwerabe mutazimitsa n'kuyatsa. Apa ndiye titha kuiloza chala bolodi. Jambulani kaye ndi foni mawaya onse, zithunzi ziwiri zitatu zooneka bwino mitundu, musadalire mutu. Ichotseni, muigwire m'mbali, pitani nayo pa dzuwa muiyang'ane mbali zonse. Inunkhizeni, bolodi yopsa imanunkha fungo lake losaiwalika. Yang'anani makapasita, timigolo ting'onoting'ono tija, pamwamba pake payenera kukhala pafulati, kakatupa kapena kutulutsa zinthu zofiirira kafa, ndipo makapasita ndi omwe amayamba kutopa chifukwa amauma ndi kutentha, chizindikiro chake sikirini imachita mdima kapena kuphethira ndipo sitovu imadzizimitsa yokha relay ikangoti tha. Tembenuzani muone pomwe miyendo ya relay inawotchereredwa, mukaona kamzere kozungulira mwendo ngati kamng'alu kapena pada bii, ndiye sodala, mtovu wowotcherera uja, wasweka. Pafupi ndi polowera magetsi pamakhala kambale kabuluu kapena kachikasu kotchedwa varistor, ntchito yake ndi kudzipereka magetsi akabwera ndi ukali, mukakapeza katang'ambika mwadziwa chomwe chinachitika. Ndipo musadabwe kupeza mphemvu zitamanga mudzi pamenepo, zimakonda kufunda kwa bolodi, ndowe zake ndi mitembo yake zimalumikiza tinjira tomwe sitiyenera kukhudzana. Burashi yofewa ndi spiriti nthawi zina zimadzutsa bolodi yomwe anthu anailira kale maliro.

Kukonza kapena kugula ina? Relay, kapasita, varistor ndi sodala wosweka zonsezi mmisiri wabwino wokonza ma TV amazitha, ndipo zipangizo zake n'zotchipa kuyerekeza ndi bolodi yathunthu yochita kuitanitsa kunja. Chongofunika kumuumiriza n'chakuti relay yatsopano ikhale ya ma amp ofanana kapena oposa yakaleyo, mavoti a koyilo yake akhale omwewo, manambala amalembedwa pa thupi lake, ndipo kapasita akhale wa 105°C osati wa 85°C. Chomwe sindingalole ndi zija amati tingodumphitsa, kulumikiza waya modutsa relay kapena modutsa fyuzi ya kutentha kuti uvuni uyake. Imeneyo ndi njira yootchera nyumba. Chimodzimodzi kuika resistor, kachida ka ma ohm osasintha, m'malo mwa sensa kuti khodi ichoke, bolodi idzaganiza kuti uvuni ndi wozizira mpaka kalekale n'kumangowonjezera moto. Kachipu kenikeni kakafa ndiye palibe kuchitira mwina, gulani ina, koma gulani potengera nambala ya modelo komanso nambala yolembedwa pa sitika ya bolodi yakaleyo. Mabolodi ambiri amafanana nkhope, mapulagi n'kulowa bwinobwino, koma pulogalamu ya mkati ndi ya sitovu ina.

Funso lomwe anthu amaiwala ndi lakuti chinapha bolodi yoyambayo n'chiyani. Ngati ndi ukalamba chabwino. Koma ngati inafa tsiku lomwe magetsi anazima n'kubwera, kapena tsiku la mphenzi, kapena mababu m'nyumba anawala modabwitsa ena n'kuphulika, vuto lili kunja kwa sitovu. Waya wa neutral akaduka kapena kumasuka pa laini ya mafezi atatu, nyumba yoyenera kulandira mavoti 230 imatha kulandira okwera kulowera ku 400, ndipo zida za bolodi ndi zomwe zimayamba kupita pomwe ma elementi amapirira. Jenereta yaing'ono yosakhazikika nayo imasokoneza kachipu. Ka fridge guard kaja musakaganizire n'komwe, kanapangidwira katundu wa pa soketi wa ma amp 13 kutsika, sitovu yathunthu ingakasungunule. Chotetezera cha sitovu chimaikidwa ku bokosi la magetsi ndi elekitirishani, ndipo chaulere chomwe aliyense angachite ndi kuzimitsa swichi ya pakhoma magetsi akathima, n'kudikira mphindi zingapo akabwera. Muonenso pomwe waya wamkulu amalowera kumbuyo kwa sitovu pansi, nati yomasuka pamenepo imatentha mpaka pulasitiki kusungunuka, ndipo imabweretsa makhodi osamveka obwera n'kupita.

Amene mukuganiza zotumiza sitovu ya ku America kumudzi mu kontena, imvani izi. Kumeneko nyumba imalandira miyendo iwiri ya mavoti 120 yomwe pamodzi imapanga 240, kuphatikiza neutral, pa 60Hz. Ma elementi amadya 240, koma pa masitovu ambiri bolodi, babu ya mu uvuni ndi kafani zimadya 120 kuchokera pa mwendo umodzi ndi neutral. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa tili ndi waya mmodzi wamoyo wa 230 ndi neutral, pa 50Hz. Munthu akangolumikiza mwachisawawa bolodi ya 120 imalandira 230 n'kupsa pa sekondi yoyamba, kapena pa ma Whirlpool ena imalemba F9 E0 yomwe ikutanthauza kuti mawaya a magetsi alumikizidwa molakwika. Khodi imeneyi imaonekanso ku America komweko anthu akangosamukira nyumba ina, ndipo kusintha bolodi sikuichotsa. Za ku UK ndi ku Joni zilibe vuto limeneli chifukwa magetsi ake ndi ofanana ndi athu.

Mukamaliza kukonza bwezerani mawaya molingana ndi zithunzi zija, kankhani pulagi iliyonse mpaka imveke kuti yalowa, onetsetsani kuti palibe waya wopanikizika ndi lata, tsekani kumbuyo musanakweze buleka. Yatsani uvuni pa 180°C mulibe chakudya, khalani pompo. Mumve relay ikuti tha poyamba, elementi ifiire, ikafika pa muyezo imveke ikudula, kenako izibwereza yokha. Isiyeni theka la ola chifukwa mavuto a zolumikizira amadikira kutentha kuti aonekere, ndiye dinani Cancel muone kuti yazimadi. Ngati muli ndi themomita ya mu uvuni iikeni pakati pa shelefu, muwerenge kangapo osati kamodzi chifukwa kutentha kumakwera n'kutsika pozungulira nambala yomwe mwasankha. Mukapeza kuti bolodi yatsopano ikuphonya ndi madigiri ochepa musamasulenso chilichonse, masitovu ambiri amalola kusintha muyezo pa mabatani pomwepo, kukweza kapena kutsitsa mpaka 35°F, pafupifupi madigiri 19 a Celsius, ndipo kachitidwe kake kali m'buku la sitovuyo pa mutu wa calibration.